Funsani Azakhali: za kudya ndi kumwa pa zilumba

Abale anga mwezi uno mwandithira mafunso a nkhani imodzi yomweyo, kaya munapangana kaya ndi nyengo ya ma holide, aliyense akufunsa za malesitilanti ndi mabala a pa bichi ku zilumba. Ndasankhapo angapo. Inu amene munalemba za chibwenzi cha pa Facebook chija dikirani mwezi wa mawa, nkhani yanu ndi yaitali.

Azakhali, ine ndi amuna anga tinapita ku hanimuni ku Bali, chilumba cha ku Indonesia. Usiku wachiwiri tinakadya ku Jimbaran, kuja amayala matebulo pamchenga penipeni. Pa menyu lobster, chinkhanu chija cha m'nyanja, analemba 150,000 rupiah ife nkuti aaa sizodula kwenikweni, tinaoda imodzi. Bilu itabwera amuna anga anangoti kukamwa yasaa, lobster yokhayo 1,350,000 ndipo pansi pake awonjezeranso zina. Tinalipira mwamanyazi koma mpaka lero zimandiwawa. Kodi anatibera?
Mkwatibwi wokhumudwa

Pepani mwana wanga, hanimuni yowerengetsera ndalama kunsi kwa tebulo siikoma ayi. Koma kunena zoona sanakubereni, kungoti sanafune kukuthandizani. Mukanayang'anitsitsa pambali pa 150,000 ija mukanaona timalemba ting'onoting'ono takuti 100g, ndiye kuti mtengowo ndi wa magalamu 100 okha osati chinyama chonsecho. Yanuyo inali ya magalamu 900, chulukitsani nokha muona kuti masamu awo ndi olondola. Chowawa nchakuti pa sikelo pamakwera zonse, chigoba, mutu, ndevu zija ndi madzi omwe, chimene mumadya mwina sichifika ndi theka lomwe.

Ndiye malo ngati amenewa musamaode muli khale pampando. Dzukani mupite pomwe aika nsombazo pa ayisi, lozani yomwe mukufuna, aiike pa sikelo inu mukuona ndipo sikeloyo iyambire pa ziro, kenako funsani kuti zonse pamodzi zikwana zingati, kuphika, mpunga, msonkho, chilichonse, akakuuzani muwapemphe alembe pa kapepala. Ikangogona pamoto basi ndi yanu imeneyo, palibenso zokambirana.

Zomwe anawonjezera pansizo ndi zija amalemba ++ kumapeto kwa mtengo. Pulasi woyamba ndi service charge, ndalama yolipirira kukutumikirani, wachiwiri ndi msonkho wa boma. Ku Bali m'mahotela ambiri ziwirizi zimakwana 21%. Ku Phuket kapena Koh Samui ku Thailand ndi 10% ya service kenako 7% ya VAT pamwamba pa zonsezo, chakudya cha 1,000 baht mumalipira 1,177. Ku Maldives ndiye kumawawa, 10% kenako msonkho wa alendo womwe unafika 17% mu July 2025. Mukaona mawu akuti nett ndiye kuti zonse zili momwemo. Mukaona pamalo pa mtengo angolemba market price, kutanthauza mtengo wa pa msika tsikulo, pamenepo mpofunsa kawiri.

Musaone ngati ine ndinabadwa wochenjera. Pa chilumba china weita anandibweretsera nsomba pa thireyi, maso ake ali mbee, nkundinong'oneza kuti mama iyi yangotuluka m'madzi pompano, pa menyu sinalembedwe. Ine kumva kuti sinalembedwe ndinadziona ngati mlendo wapadera, mtengo osafunsa. Masiku awiri otsatira ndinkadya buledi ndi nthochi mu rumu kkkk.

Azakhali, mnzanga wa kuntchito anapita ku Caribbean, anadya nsomba yootcha pa bala ina ya pa bichi. Akuti inali fuleshi, yosanunkha, koma anadwala milungu ingapo, akagwira botolo lozizira limamuotcha m'manja. Madokotala akuti ndi poizoni wa nsomba. Zimenezi zimachitikadi kapena alipo anamuchita chipongwe? Inenso ndikupita komweko mu December ndiye ndili ndi mantha.
Wokonda nsomba

Palibe anamuchita chipongwe achimwene. Matendawa dzina lake ciguatera ndipo chizindikiro mwatchulacho, chozizira kumamveka ngati chikuotcha, ndi chimodzi mwa zomwe madokotala amawadziwira. Nkhani yake imayambira kutali. M'miyala ija ya coral mumamera ndere, pa nderepo pamakhala tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa Gambierdiscus, timeneti ndi tomwe timapanga poizoniyo. Tinsomba tating'ono timadya ndere, zokulirapo nkudya tinsombato, zazikulu nkudya zokulirapozo, poizoni akungounjikana, ndiye zikamafika pa barracuda wamkulu kapena moray eel kapena grouper ndi snapper zikuluzikulu amakhala atachuluka zedi. Nsombayo imaoneka bwinobwino. Poizoniyu alibe fungo, sasintha kakomedwe, moto sumupha, filiji siimupha, za mandimu ndi mchere ndiye ayi ndithu. Khitchini ikhoza kukhala yaukhondo ngati chipatala inu nkudwalabe.

Sikuti musiye nsomba, anthu a pa zilumbazo amadya tsiku ndi tsiku. Barracuda ndi moray eel ingozisiyani. Pa nsomba za m'miyala sankhani yokwana mu mbale imodzi, osati chidutswa cha chinsomba chachikulu ngati mwana wa chaka, ndipo mutu, chiwindi, mazira ndi matumbo musakhudze poti poizoni amachuluka mmenemo. Funso limene ine ndimafunsa weita ndi lakuti, nsomba iyi ndi iti, ndipo inuyo kwanu mumadya? Anthu a pamalopo amadziwa mbali ya nyanja yomwe nsomba zake zimadwalitsa. Ku Mauritius mpaka boma linaletsa kugulitsa mitundu ina ya nsomba pa chifukwa chomwechi. Mukayamba kusanza, kutsegula m'mimba, milomo ndi zala kuchita dzanzi, thupi kuyabwa, ena mpaka mano amamveka ngati akugwedera, thamangirani kuchipatala ndipo muwauze nsomba yomwe mwadya. Mnzanuyo mumuuze ayambe wasiya mowa ndi nsomba kwa miyezi ingapo, zimatha kudzutsanso zizindikirozo.

Nsomba za pakati pa nyanja monga tuna ndi mahi-mahi za ciguatera sizivuta kwenikweni, koma nazo zili ndi lake vuto. Zikachedwa kuikidwa pa ayisi mabakiteriya amapangamo mankhwala otchedwa histamine, ndipo iyinso kuphika sikuichotsa. Mukangodya pasanathe ola nkhope psuu, mutu waukulu, mtima kuthamanga, zidzolo. Nthawi zina nsombayo imaluma lilime ngati muli tsabola pomwe sanathiremo, mukamva choncho lavulani basi. Iyi bola imatha m'maola ochepa ndipo mankhwala a antihistamine amathandiza, koma kupuma kukamavuta ndi chipatala basi. Nchifukwa chake ine ndikafika pamalo sindiyamba ndi menyu, ndimayamba kuyang'ana ngati nsomba zagonadi mu ayisi kapena zangoyalidwa pa thabwa ntchentche zikuchitapo msonkhano.

Chinanso, wina akadzakunong'onezani kuti tili ndi nyama ya kamba wa m'nyanja, kanani. Ndi zoletsedwa m'maiko ambiri, komanso imapha. Mu March 2024 ku Pemba, chilumba cha Zanzibar, anthu 9 anamwalira atadya nyamayi ndipo 8 anali ana.

Azakhali ine ndi magaye tikupita ku Gili Trawangan, tamva kuti mabala a pa bichi amapereka ma shoti aulere ndi ma koktelo a mu tindowa otchipa heavy. Tingawapeze bwanji otchipitsitsa?
Mfana wa ma pati

Mwana iwe funso lako landikwiyitsa pang'ono koma bola wafunsa usanapite. Tiye tiwerengetse. Ku Indonesia mowa waukali wochokera kunja uli ndi msonkho waukulu kwambiri, botolo lenileni la vodka kapena gin ndi lodula. Ndiye munthu akakupatsa kandowa kodzadza pa mtengo wa mabiya awiri, kapena shoti yaulere, iweyo ukuganiza wathiramo chani? Ena amatenga botolo la dzina lodziwika nkuthiramo arak, kachasu wa kumeneko, wotcheza mosasamala, kapena mowa wosakaniza ndi methanol, spiriti wa poizoni, ndipo ukasakaniza ndi juwisi ndi shuga sungamve kusiyana kulikonse. Mu 2009 ku Bali ndi Lombok anthu 25 anafa ndi arak wa methanol. Mu November 2024 alendo 6 anafa ku Vang Vieng ku Laos, kumeneko si chilumba koma nkhani yake ndi yomweyi, ambiri mwa iwo achinyamata ngati iwe, mowa wotchipa.

Chinyengo cha methanol nchakuti usiku umenewo umangoledzera ngati masiku onse. Pakapita maola 12 mpaka 24 mpomwe zimayamba, mutu, kusanza, m'mimba kupota, kupuma mothamanga, maso kuchita nkhungu, ndiye anzako amangoti ndi matsire mulekeni agone. Kugonako ndi komwe kumapha kapena kumusiya munthu wakhungu. Matsire akafika posokoneza maso musadikire, mankhwala ake alipo koma amafuna chipatala chachikulu ndi changu. Ndipo dziwa kuti pa Gili Trawangan palibe ndi galimoto lomwe, ndi njinga ndi tingolo ta mahatchi, chipatala chachikulu mpaka ukwere boti kupita ku Lombok.

Imwa biya wa m'botolo, Bintang ali paliponse, akutsegulire iwe ukuona. Chakumwa chako osachisiya pa tebulo ukamakavina, izi uwauzenso atsikana omwe muli nawo. Ndipo zomati taledzera tiyeni tikasambe usiku ayi, pakati pa tizilumba ta Gili madzi amakoka mwamphamvu. Za ayisi usade nkhawa kwambiri, ukaona wooneka ngati kapaipi wa bowo pakati ndi wa kufakitale, amene ine ndimamukayikira ndi uja amachita kuswa ku chibuma chachikulu ndi chikwanje.

Azakhali, tili ndi ana atatu ndipo takhala tikusunga ndalama zaka ziwiri kuti tikaone nyanja yamchere. Aliyense akutiopseza kuti chakudya cha pa zilumba nchodula moti tidzabwerako ndi ngongole. Nchifukwa chani chimadula choncho, nanga tingadye kuti?
Bambo wa ana atatu

Bambo, chimadula chifukwa zambiri zomwe zili pa menyu ya alendo sizimera pa chilumbapo. Tchizi, nyama ya ng'ombe, vinyo, maapozi, nthawi zina ndi letesi yemwe, zonse zimabwera pa sitima kapena pa ndege mu filiji. Magetsi pa zilumba zambiri ndi a dizilo, dizilo yemwenso wabwera pa sitima, ndipo ku mahotela a ku Maldives ngakhale madzi akumwa amachita kusefa a m'nyanja kuchotsa mchere. Ndiye mwana wanu akalira baga ndi tchipisi mukulipira ulendo wonse wa ng'ombe ija. Pamwamba pa izo tebulo likakhala pamchenga mukulipiranso mafunde ndi kulowa kwa dzuwa. Mukangoyenda misewu iwiri kulowa mkati, kumene amadya madalaivala a taxi ndi anthu ogwira ntchito m'mahotela omwewo, mtengo umagwa mpaka mudabwa.

Ku Mauritius funani dholl puri, timikate topyapyala ta nandolo zogaya amakulungamo nyemba ndi rougaille wa tomato, amagulitsa tiwiritiwiri pa kapepala, ku msika waukulu wa Port Louis mzere wake umakuuzani wokha poti pali zabwino. Ana adzakonda gateaux piments, tizitumbuwa tokazinga tokhala ndi tsabola pang'ono, ndi mine frit, ma noodles okazinga. Ku Seychelles komwe malesitilanti ndi odula zedi, anthu amadalira ma takeaway, kabokosi ka mpunga ndi kale (curry) wa octopus wophikira mkaka wa kokonati, mumakadyera pansi pa mtengo ku Beau Vallon. Ku Barbados Lachisanu usiku aliyense amakhamukira ku Oistins, nsomba zootcha ndi zokazinga pa mabenchi nyimbo zili phuu. Ku Jamaica jerk yeniyeni, nyama yootcha yopaka tsabola ndi zokometsera, ikafuneni ku Boston Bay, yootchera pa nkhuni za pimento.

Ku Zanzibar mudzauzidwa za Forodhani ku Stone Town, ndipo pitani ndithu. Dzuwa likamapendeka anyamata amadumphira m'nyanja kuchokera pa khoma, uku ophika ovala zipewa zoyera akuyala matebulo ndi nyali, makina ofinyira nzimbe akulira, amathiramo jinja ndi ndimu. Koma ndikuuzeni za ine, milu ija ya nsomba ndi ma prawn zobaya pa timitengo sindiigula, zambiri zimakhala zophika kale akungozitenthetsa ndipo simudziwa zakhala nthawi yaitali bwanji. Ndimagula chomwe akupanga ine ndikuona, Zanzibar pizza, amatambasula ufa wokanda mpaka kuonekera, nkuikamo nyama yogaya, anyezi, dzira, nkupinda pa chiwaya chamoto, kapena urojo, msuzi wowawasira wa mbatatesi ndi tizitumbuwa totchedwa bhajia. Apanso mtengo muyambe mwafunsa asanaike mu mbale.

Nzeru yanga ndi yoti mudye mokhuta kuseriko, kenako mupite ku bala ya pa bichi kukamwa chakumwa chimodzi ana juwisi, dzuwa mudzaliona chimodzimodzi ndi uja waoda lobster. Mufike cha m'ma 5, kufupi ndi equator dzuwa limalowa cha m'ma 6 ndipo mdima suchedwa, mukati tisambe kaye mupeza kwada. Mankhwala odzola a udzudzu mutenge, nthawi imeneyo ndi yomwe umaluma ndipo zilumba zambiri kuli dengue. Pokhapo mukasankha kachilumba koti konseko ndi hotela imodzi ngati ku Maldives, kulibe kuseri kulikonse kothawira, pamenepo lipirirani chakudya limodzi ndi rumu musananyamuke.

Azakhali, pa Instagram ndimaona lesitilanti yomangidwa pamwamba pa mwala pakati pa madzi ku Zanzibar. Ndiyoyenera kupitako?
Chemwali wa zithunzi

Imeneyo ndi The Rock, ili ku Pingwe mbali ya Michamvi, kum'mawa kwa chilumbachi. Matebulo ndi ochepa ndiye bukani nthawi ilipo, ndipo dziwiranitu kuti gawo la bilu ndi la mwalawo. Chomwe Instagram siikuuzani ndi chakuti nyanja ya kumeneko imaphwa ndi kudzadza, pafupifupi maola 6 aliwonse zasintha, ndipo nthawi yake imasuntha tsiku lililonse ndi mphindi ngati 50. Madzi akadzadza amakuwolotsani pa kaboti, chithunzi chija nchimenecho. Akaphwa mumayenda wapansi pamchenga ndi ndere, mwala uli gwa pamtunda. Ndiye yang'anani kaye ndandanda ya nthawi yophwa ndi kudzadza kwa nyanja tsikulo musanasankhe ola, ndipo nsapato za gogoda zisiyeni ku rumu chemwali.

Mukakonda zotere ziliponso zina. Ku Jamaica kuli Floyd's Pelican Bar, kanyumba ka mitengo kozikidwa m'nyanja, kumafikika pa boti basi, mugwirizane ndi mwini boti mtengo wopita ndi kubwera komanso nthawi yodzakutengani. Ku Jost Van Dyke ku British Virgin Islands kuli Soggy Dollar Bar, dzinalo linabwera poti kulibe doko, anthu amasambira kuchoka pa boti nkukalipira ndi madola onyowa.

Azakhali, tipi ndi yokakamiza? Komanso makina a khadi amandifunsa kuti ndilipire mu madola kapena ndalama ya dzikolo, ndisankhe iti?
Wosafuna kuchita manyazi

Yang'anani lisiti. Ngati service charge ilipo kale ndiye mwalipira, kuwonjezera ndi mtima wanu, ine weita akandisamalira bwino ndimamupatsa kenakake m'manja mwake poti ija ya pa lisiti sindidziwa imagawidwa bwanji. Ngati palibe, 10% siichititsa manyazi malo ambiri, kupatula monga ku Hawaii ndi Puerto Rico komwe amatsata za ku America, kumeneko ndi 15 mpaka 20%. Pa makinapo sankhani ndalama ya dzikolo nthawi zonse, rupee kaya baht kaya rupiah, mukasankha madola amakusinthirani okha pa reti yawo yoipa. Kashi pang'ono muzikhala nayo, netiweki ya pa bichi imathawa nthawi yolipira yomweyo.

Azakhali, amuna anga sadya popanda kabiya pambali. Tikuganiza za Maldives koma ku ma guest house otchipa aja. Zitheka?
Mayi wodera nkhawa

Mayi, auzeni akonzekere juwisi. Maldives ndi dziko la Chisilamu, mowa umapezeka pa zilumba za mahotela a alendo basi ndi m'maboti ena, pa zilumba zokhala anthu monga Maafushi mulibe bala, ndipo kulowa nawo m'chikwama nkoletsedwa, amalanda pa eyapoti. Ku Maafushi ofuna kumwa amawatengera ku boti loima patali ndi gombe. Zovala zosambira nazo zili ndi bichi yake, polowa mu lesitilanti ya m'mudzi muvale bwino mapewa ndi mawondo zibisike. Muonenso kalendala, mwezi wa Ramadan malo odyera ambiri a anthu wamba masana amatseka, ku Zanzibar chimodzimodzi, ndipo kumatafuna mumsewu anthu akusala si ulemu.

Azakhali, ndabwera ku holide ndi mabala akuda m'manja ndi pa ntchafu, ena ngati mizere ya madzi oyenderera, poyamba panali matuza. Sindinapse ndi moto. Apongozi akuti ndinagwira zoipa kunyanjako.
Wodabwa

Ndikufunseni, munafinyako mandimu muli padzuwa? Kaya pa nsomba kaya mu biya kaya munkapanga nokha ma koktelo? Ngati eya ndiye zoipa munagwirazo ndi zimenezo, apongozi asavutike. Madzi a mandimu makamaka aang'ono obiriwira aja ali ndi mankhwala otchedwa furocoumarin, akakhala pakhungu dzuwa nkuombapo khungulo limapsa, koma sizioneka pompo, zimatuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri munthu utaiwala kale. Nchifukwa chake mabalawo amakhala ngati mizere, ndi mmene madziwo anayenderera, ndipo pa ntchafupo ndi pomwe munapukutira manja. Ena amapeza chidindo cha zala zawo pamsana pa mwana amene anamunyamula. Kuda kumeneko kumatha kokha koma kumatenga milungu mwinanso miyezi, muzipaphimba padzuwa ndipo musapake mafuta oyeretsa khungu. Ngati matuza akadalipo kapena pakutuluka mafinya kaonaneni ndi dokotala.

Simunanene chilumba chomwe munapita. Ngati kunali ku Caribbean ndipo munabisala mvula pansi pa mtengo wa m'mbali mwa bichi wokhala ndi tizipatso tonga timaapozi tobiriwira, umenewo ndi manchineel, utomoni wake umaotcha khungu ngakhale utangosakanikirana ndi madontho a mvula, malo ena amaupaka penti yofiira pa thunthu kuti anthu asauyandikire. Mundilemberenso mundiuze kuti mwa ziwirizi chinali chiti.